Kodi Dzina la Ufumu Lingagulidwe?

Malume athu, amene anali nyakwawa ya mudzi wathu kwa zaka zambiri, anatisiya caka catha mvula isanagwe. Maliro tinalira, kumeta tinameta, ndipo tsopano yatsala nkhani imene aliyense akuizemba: kodi dzina alowe ndani? Amayi a mbumba yathu ananditumizira mau kuti tikadzakumana tikatha kukolola, ine ndidzakhale woyamba kulankhula, popeza mwa ana a alongo ao a malemuwo wamkulu ndine. Ineyo dzinalo sindilifuna. Ndakalamba, ndipo maso anga ayamba kucita nkhungu. Koma kulankhula sindingakane.

Amene akuchulidwa ndi awiri, onse ang'ono anga. Wina ndi mlimi, amene kwa zaka zambiri ankakhala pambali pa malume pabwalo, kumvetsera milandu ya malire a minda ndi ya mbuzi zodya cimanga ca eni. Cuma cake ndi njinga imodzi ndi ng'ombe ziwiri. Winayo wakhala ku Johannesburg zaka zoposa makumi awiri, ndipo Mulungu anamudalitsa, ali ndi magalimoto onyamula katundu. Tsiku limene tinaika maliro ananditengera kuseri kwa nkhokwe nati: "Acimwene, inu mau anu amamveka. Auzeni amayiwa kuti dzina likabwera kwa ine, ndikumbitsa mjigo pakati pa mudzi, ndipo sukulu ndiifolera ndi malata. Kukhala kuno sindingathe, nchito siindilola, koma ndidzaika munthu woti azindisungira mpando." Ndinangomuyankha kuti ndamva.

Nkhaniyi yandisowetsa tulo, cifukwa mjigo si nthabwala. Nthawi ya cilimwe akazi a m'mudzi mwathu amadzuka tambala woyamba kukadikira madzi pacitsime ca kudambo, ndipo ena amabwerako dzuwa lili pamutu. Ndani angauze mayi wosenza ndowa kuti mwambo uposa madzi? M'masiku osowa tulowa ndinakumbukira mbiri ya malo ena akutali, ku England, kumene dzina la ufumu linagulitsidwadi poyera ngati mbuzi pamsika. Cingelezi ndinaciphunzira ku Malawi, kumene tinathawira nthawi ya nkhondo, ndipo kuyambira pamenepo mabuku a mbiri ndiwo fodya wanga. Ndikufuna ndikusimbireni mbiriyi, abale anga, cifukwa inandithandiza kuliona bwino funso langa, ngakhale kuti siinandiyankhe momwe ndinkafunira.

Malowo ndi Wimbledon, kum'mwera cakumadzulo kwa mzinda wa London. Amene mumamvera wailesi mwina dzinali munalimvapo cifukwa ca mpikisano wa tenisi umene unayamba kumeneko mu 1877. Koma kale Wimbledon unali mudzi wa alimi, m'dera la mtundu umene Angelezi ankaucha manor. Manor inali dera la minda, msipu ndi nkhalango lokhala pansi pa mbuye mmodzi, wochedwa Lord of the Manor. M'zaka zakalezo mbuye wa manor ankakhala ndi munda wake waukulu, ndipo anthu wamba ankaulima masiku ena pa sabata popanda malipiro, kuti aloledwe kulima tizigawo tao. Tirigu ankakagayitsa pa cigayo ca mbuye, nalipira. Mwana wao wamkazi akamakwatiwa ankapereka ndalama kwa mbuye. Mwini banja akamwalira, mbuye ankatenga ciweto cabwino koposa m'khola. Mbuyeyo analinso ndi bwalo lake la milandu. Amene munamva kwa makolo za ma prazo a m'cigwa ca Zambezi ndi msonkho wa mussoco simudabwa nazo zimenezi.

Komabe anthu wamba sanali opanda kanthu. Pa manor pankakhala malo osalimidwa, chire la onse, pamene mwambo unkawalola kudyetsa ziweto, kutola nkhuni ndi kudula zitsamba zokolezera moto. Mbuye ankati nthaka ya chirelo ndi yake, koma mwambo sunkamulola kuthamangitsapo anthu amene anali ndi ufulu pamenepo. Sungani mfundo imeneyi, tiibwereranso.

Tsopano timve za eni ake. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo mu 1086 anthu ake analemba malo onse a dzikolo ndi eni ake m'buku lochedwa Domesday Book, kuti mfumu idziwe ca kukhometsa. M'bukumo Wimbledon suchulidwa pawokha. Unali m'kati mwa manor ya Mortlake, imene mbuye wake anali Bishopu Wamkulu wa ku Canterbury. Mabishopuwo ndiwo anali ambuye a malowo kwa zaka mazanamazana, kufikira mu 1536, pamene Bishopu Thomas Cranmer anawapereka kwa mfumu Henry VIII posinthana ndi malo ena.

Mfumuyo inapatsa manor nduna yake yaikulu, Thomas Cromwell. Apa pali cinthu cogwira mtima. Cromwell anabadwira ku Putney, mudzi wa m'manor yomweyo, ndipo atate ake anali munthu wamba, wosula zitsulo ndi wofulula mowa. Dzina lao limapezeka m'mabuku a bwalo la manor, akulipitsidwa pa nkhani za mowa. Mwana wao anadzakhala mbuye wa bwalo lomwelo. Koma ukulu wopatsidwa ndi dzanja limodzi umalandidwa ndi dzanja lomwelo. Patangopita zaka zinayi, mu 1540, mfumu inamukwiyira, anamudula mutu, ndipo manor inabwerera kwa mfumu. Kenaka inapita kwa Catherine Parr, mkazi wotsiriza wa Henry VIII, amene anamwalira mu 1548. Mfumukazi Mary inaipereka kwa Kadinala Reginald Pole, amene anamwalira mu 1558. M'masiku a mfumukazi Elizabeth malowo anafika m'manja mwa Thomas Cecil, amene anamangapo nyumba yaikulu mu 1588.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1630 mfumu Charles I inagulira manoryi mkazi wake, Henrietta Maria. Posakhalitsa kunabuka nkhondo ya paciweniweni pakati pa mfumu ndi Nyumba ya Malamulo. Mfumu inagonja, ndipo mu 1649 anaidula mutu. Mu 1652 malo a mkazi wamasiyeyo anagulidwa ndi John Lambert, mmodzi wa akazembe amene anagonjetsa asilikali a mfumu. Ufumu utabwezeretsedwa mu 1660, Lambert anatsekeredwa m'ndende, ndipo anaferamo patapita zaka zoposa makumi awiri. Manor inabwerera kwa Henrietta Maria, iye naigulitsa. Itadutsa m'manja mwa mabanja ena awiri olemera, mu 1717 inagulidwa ndi Theodore Janssen, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya South Sea Company. Kampaniyo inakopa anthu ambiri kuti aikemo ndalama, ndipo mu 1720 inagwa, anthu nataya cuma cao. Nyumba ya Malamulo inalanda katundu wa akuluakulu ake, Janssen nataya Wimbledon. Mu 1723 anaigula mayi wolemera kwambiri, Sarah, Duchess of Marlborough, ndipo atamwalira mu 1744 inatsalira mdzukulu wake, John Spencer. Kuyambira pamenepo dzina linakhala m'banja la Spencer kwa zaka zoposa 250.

Ndiime kaye apa, ndiulule cimene cinandipweteka. Poyamba ndinkafuna kukaima pamaso pa mbumba ndi kunena mwamphamvu kuti dzina la ufumu siligulidwa, sizinacitikepo, ndipo sizidzacitika. Koma taonani mndandanda uwu. Wina analandira posinthana, wina pokondedwa ndi mfumu, wina nkhondo itamukomera, wina ndi ndalama za malonda acinyengo, wina mwa kubadwa. Amene analandira mwa kubadwa analandira cimene agogo ake anagula. Ndikayang'ana kwathu kuno, sindinganame kuti ife manja athu ndi oyera. Akuluakulu amasimba za mafumu amene Apwitikizi anawacotsa cifukwa sankatolera bwino msonkho kapena anthu a cibalo, naikapo ena omvera. Titalandira ufulu mu 1975 boma linaika pambali ma régulo, ndipo mu 2000, ndi Decreto 15/2000, linazindikiranso atsogoleri a m'midzi, nayamba kuvala mayunifomu a boma. Dzina la ufumu lakhala likuyenda ndi mphepo ya nthawi, kuno ndi kutsidya kwa nyanja komwe. Munthu amene anganene kuti mwambo sunagwedezekepo sanafunse bwino agogo ake.

Koma pali cina cimene ndinaona m'mndandandawu. Pa kusinthana konseku, kuyambira kwa mabishopu kufikira kwa a Spencer, palibe pamene timva kuti alimi a ku Wimbledon anafunsidwa. Ankangomva kuti mbuye tsopano ndi uje. Ankapita pamodzi ndi nthaka, monga nkhuku zimapitira pamodzi ndi khola likagulitsidwa. Ndiye funso langa linayamba kusintha. Ndinaleka kufunsa ngati dzina linagulidwapo, popeza yankho lake ndi lakuti inde. Ndinayamba kufunsa kuti: dzina likagulidwa, ndi ciyani cimene cimapita nalo?

Yankho la funso limeneli lili m'cigawo cotsiriza ca mbiriyi. Mzinda wa London unkakula, ndipo malo a m'mbali mwake anakwera mtengo. Mu 1846 a Spencer anagulitsa munda wao waukulu wa Wimbledon Park kwa munthu womanga nyumba. Kenaka mu 1864 mbuye wa nthawiyo, Earl Spencer wacisanu, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti imulole kuchinga chire la onse lija, Wimbledon Common. Ankati gawo lalikulu alisandutsa paki yosamalidwa bwino, ndipo gawo lina aligulitsa kuti apeze ndalama zocitira zimenezo. Mau ake anali okoma, ndipo mwina mtima wake sunali woipa. Koma anthu okhala mozungulira anakana. Anapanga komiti, anasonkha ndalama, analimbana naye kwa zaka zingapo. Mkangano umenewu unathandizanso kuti mu 1865 pabadwe bungwe loteteza malo a onse, Commons Preservation Society.

Mapeto ake anali lamulo la mu 1871, Wimbledon and Putney Commons Act. Mbuye anasiya mphamvu zake pa chirelo, nalonjezedwa mapaundi 1,200 caka ciliconse. Chirelo, lokula mahekitala pafupifupi 460, linaikidwa m'manja mwa gulu la osunga, ndipo lamulo linati lisachingidwe ndiponso pasamangidwe nyumba. Lero osungawo alipo asanu ndi atatu. Asanu amasankhidwa ndi anthu okhala pafupi, amene amaperekanso ndalama caka ndi caka zosamalira malowo, ndipo atatu amaikidwa ndi boma. Pakati pa nyumba zodula za London chirelo lidakalipo, ndipo munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, amayendapo osapempha kwa wina.

Zotsala za mphamvu ya ambuye a manor zinathothoka pang'onopang'ono. Nchito yaulere ya m'munda wa mbuye inali itatha kalekale. Lamulo la mu 1922, limene linayamba kugwira nchito mu 1926, linathetsa mtundu wakale wa kukhala pa malo movomerezedwa ndi bwalo la manor, ndipo okhalapo anakhala eni enieni. Mabwalo a manor anazirala. Cimene cinatsala kwa a Spencer ku Wimbledon ndi dzina. Ndipo mu 1996 Charles Spencer, mlongo wake wa Diana, analigulitsa pa mtengo wa mapaundi 171,000.

Kodi wogula dzina lotere amapeza ciyani? Amapeza cikalata. Angathe kulembetsa mau m'pasipoti yake ya dziko la Britain onena kuti iye ndi mbuye wa manor yakutiyakuti. Koma sakhala pa mpando m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, saweruza mlandu wa munthu, ndipo sangathamangitse mwana wosewera pa Wimbledon Common. Pa manor zina dzina limapitabe ndi timaufulu tina, monga pa miyala ya pansi pa nthaka kapena pa msika, koma nthawi zambiri cimene cimagulidwa ndi ulemu cabe. Maina otere ndi owerengeka, cifukwa kuyambira pa lamulo la mu 1290 lochedwa Quia Emptores manor zatsopano zinaleka kupangidwa, ndipo kusowa kwake ndiko kumawapatsa mtengo. M'caka comweco ca 1996 katswiri wa nkhonya Chris Eubank anagula dzina la mbuye wa manor ya Brighton pa mapaundi 45,000.

Ndadzifunsa nthawi yaitali ngati kugulitsa kumeneku kunali kulakwa. Mtima wanga wa munthu wa kumudzi umati inde, n'zocititsa manyazi kuika mtengo pa cimene makolo anakusiyira. Koma ndikafunsa kuti analakwiridwa ndani, sindimupeza. Palibe amene anagona ndi njala. Palibe amene analandidwa munda. Cimene cinagulitsidwa mu 1996 cinali ngati cigoba ca nkhono, mwini wake atacokamo kale. Munthu akafuna kugula cigoba kuti akongoletse nyumba yake, ndalama ndi zake. Cikanagulitsidwa mu 1860, chire lidakali pansi pa dzinalo, nkhani ikanakhala ina, cifukwa wogulayo akanagula msipu wa ng'ombe za anthu ndi nkhuni za akazi amasiye.

Apa ndi pamene ndafika, abale anga. Dzina la ufumu lingagulitsidwe popanda kulakwira munthu pokhapokha ngati mulibe kanthu m'kati mwake. Likadali ndi anthu m'kati, wogulitsa dzina amagulitsa anthuwo.

Nanga dzina la malume athu, kodi ndi cigoba? Tiyeni tisuzumiremo. Mnyamata akakwatira, nafuna pomanga ndi polima, amapita kwa nyakwawa. Anthu awiri akakangana pa mzere wa munda, amene amakumbukira pamene panali mtengo wa muwanga wa malire ndi nyakwawa. Maliro akagwa, sitikumba manda nyakwawa isanalole. Mwamuna akamenya mkazi wake pakati pa usiku, citseko cimene cimagogodedwa ndi ca nyakwawa. Ndipo pali cina cacikulu cimene ambiri siticiganizira. Lamulo la Malo la dziko lathu la Moçambique, la mu 1997, limati nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa. Limatinso anthu amene akhala pa malo motsata mwambo ali ndi ufulu wowagwiritsa nchito ngakhale alibe cikalata, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa. Munthu wa kunja akafuna malo aakulu oti alimepo kapena adzalepo mitengo, lamulo limati afunse kaye anthu a m'deralo. Nanga pa msonkhano wotere, amene amakhala kutsogolo ndani? Amene dzina lake limalembedwa poyamba pa pepala ndani? Dambo lathu, manda athu, nkhalango imene akazi amatolako nkhuni ndi bowa, zonsezi zidakali pansi pa dzina limeneli. Ife tili pamene anthu a ku Wimbledon anali caka ca 1871 cisanafike.

Sindifuna kumunamizira mng'ono wanga wa ku Johannesburg. Sindikhulupirira kuti akufuna kugulitsa dambo. Ndikuganiza kuti ndikudziwa cimene akufuna. Kumene akukhalako, ngakhale ali ndi magalimoto, amamuchabe mlendo. Mu 2008, pamene alendo ankamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba m'makomboni a kumeneko, iyenso anagona masiku angapo mobisala. Munthu wotere amalakalaka malo amodzi pansi pano pamene akafika anthu angaimirire ndi kumuchula ndi dzina la makolo ake. Njala imeneyi si cimo. Ndi njala yomweyo imene imacititsa munthu wolemera kupereka mapaundi zikwizikwi pa cikalata ca manor. Ndalama zimagula zambiri, koma mwini wake amafunabe kuti wina amuuze kuti ndiwe wa kwathu.

Koma ufumu wa kumudzi si ulemu wokha. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene walowa dzina walowa ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa tsiku ndi tsiku: kudzutsidwa usiku, kusiya khasu m'munda kuti ukamve mlandu wa nkhuku, kutukwanidwa ndi amene wagonja pabwalo, kukhala pa maliro alionse kufikira fosholo yotsiriza. Mng'ono wanga akufuna kutenga dzina ndi kusiyira wina nkhonya. Wosungira mpandoyo adzakhala ndi nchito popanda mphamvu, mwini mpando adzakhala ndi mphamvu popanda nchito. Mlandu ukavuta, wosungira adzati dikirani ndiimbe foni. Umu ndi momwe ambuye ambiri a manor ankakhalira, kutali ndi anthu ao, akumva za mudzi kudzera mwa kapitao.

Nanga mjigo? Ndaulingalira kwambiri. Mphatso ndi mtengo zimafanana pamaso, koma zimasiyana pa mau amodzi, akuti "ngati". Munthu akati ndikumbitsa mjigo cifukwa amayi anga amamwa madzi a m'dambo, imeneyo ndi mphatso, ndipo tidzamuvinira. Akati ndikumbitsa mjigo ngati mundipatsa dzina, umenewo ndi mtengo. Coopsa ca mtengo n'cakuti sumatha tsiku logula. Tsiku lina akadzasaina pepala limene sitikugwirizana nalo, ndani adzatsegule pakamwa? Aliyense adzakumbukira kuti madzi amene wamwa m'mawa ndi a mjigo wake. Mfumu imene tinailonga tingaidzudzule, cifukwa tinaipatsa ndife. Mfumu imene inagula idzatiyankha kuti ndinalipira.

Wina angandifunse kuti: kodi mng'ono wanu mlimiyo ndiye sangagulidwe? Munthu wa njinga imodzi, akadzabwera wa kampani ndi envulopu, adzalimba? Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo sindilithawa. Umphawi si umboni wa cilungamo. Mfumu yosauka ingagulitse dambo msanga kuposa yolemera. Apa ndi pamene anthu a ku Wimbledon anandiphunzitsa cinthu cimene sindinaciyembekezere. Iwo sanataye nthawi kufunafuna mbuye wa mtima wabwino. Anadziwa kuti wabwino amamwalira, ndipo wolowa m'malo mwake sadziwika. Anacotsa chire pansi pa dzina la munthu mmodzi, naliika pansi pa maso a anthu ambiri, ndi malamulo olembedwa. Ndipo sanalandire zimenezi kwaulere. Anasonkha ndalama, ndipo okhala kumeneko akusonkhabe mpaka lero.

Ifenso njira yotere tili nayo. Lamulo la Malo limalola mudzi kuyenda malire a malo ake pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo ndi anthu a boma, kuwajambula pa mapu ndi kuwalembetsa m'dzina la mudzi wonse. Tingasankhe komiti ya amuna ndi akazi yoyang'anira dambo ndi nkhalango, kuti pepala lililonse lokhudza malowa lisadutse pa dzanja limodzi. Sindikunena kuti tikhuthule dzina la makolo athu lisanduke cigoba ngati la ku Wimbledon. Nyakwawa tikuifuna, ndipo mudzi wopanda mwini ndi msasa cabe. Ndikunena kuti katundu amene angaphe mudzi wonse akagwa asasenzedwe ndi mutu umodzi. Tikatero, ngakhale tidzalakwitse posankha, kulakwitsako sikudzatidyera dambo.

Tsono tsiku la msonkhano likadzafika, amayi a mbumba atakhala pamphasa, ndidzanena zinthu zitatu. Coyamba, kusankha ndi kwao, monga mwa mwambo wathu, ndipo asankhe ngati kuti mjigo sunachulidwe. Caciwiri, aliyense amene alowe dzina, asanakhale pa mpando alonjeze pamaso pa mudzi kuti malire a dambo, manda ndi nkhalango tidzawalembetsa m'dzina la tonse. Cacitatu ndidzacinena kwa mng'ono wanga wa ku Johannesburg, pamaso pa onse, mosam'cititsa manyazi. Ndidzati: "Mng'ono wanga, magazi ako ndi athu, ndipo dzinali uli nalo mbali monga mnzakoyu. Ngati ukulifuna, bwera udzakhale, udzalime, udzagogoderedwe usiku. Ngati nchito siikulola, usadandaule, kwanu ndi kuno ndithu. Ukafika tidzakuyalira mphasa, ndipo ukadzamwalira tidzakuika pafupi ndi amayi ako. Zimenezi sugula, unabadwa nazo."

Mwina adzakwiya, nabwerera ndi ndalama zake. Zikadzatero, akazi a m'mudzi mwathu adzapitirira kudzuka tambala woyamba, ndipo ena mwa iwo adzandiyang'ana ndi diso loipa ndikamadutsa pacitsime. Sindidzawaimba mlandu, cifukwa ndowa siili pamutu panga. Cimene ndingacite ndi kukhala woyamba kuponya ndalama m'mbale ya mjigo, ngakhale penshoni ya mphunzitsi ndi yocepa, ndi kuyenda nao ku boma kukapempha. Zidzacedwa. Anthu a ku Wimbledon analimbana zaka zisanu ndi ziwiri, kucokera mu 1864 kufikira mu 1871.

Inu a midzi ina ya m'malire muno, nkhani yotere ikadzafika kwanu, ndipo idzafika, popeza ana athu ambiri ali kunja ndipo ena akubwerako ndi cuma, musadzayambe ndi kufunsa kuti wapereka zingati. Mudzayambe mwasuzumira m'kati mwa dzinalo, muone amene alimo.